Dima Kapena Thangata: Funso Limene Mkulu Wina Anandifunsa pa Wailesi

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja ndinapita ndi alangizi a zaulimi kumunda kwa mlimi wina cha ku Dómuè, kukajambula mawu pa nkhani ya chiwawu chimene chinkatha kachewere chaka chimenecho. Tinayenda pa njinga yamoto m'matope okhaokha. Alangiziwo anafotokoza bwino zedi momwe masamba amayambira kuda ngati awauka ndi moto, chifukwa chake matendawa amakonda chinyezi ndi nkhungu, ndiponso nthawi yoyenera kupopera. Nditabwerera ku wailesi ndinakhala pa kompyuta mpaka usiku, kudula pamene munthu watsokomola, kuchotsa kulira kwa tambala, kusanja mafunso ndi mayankho. Ndinasunga ntchito yangayo, n'kuiika mu fulashi, m'mawa n'kupita nayo ku kompyuta ya mu situdiyo. Nthawi itakwana ndinalonjera omvera monga mwa masiku onse, n'kunena kuti, “Tiyeni timve alangizi athu.” Kunangoti zii. Ndinadinanso. Zii. Tsiku limenelo alimi anamva nyimbo kwa mphindi 30, kachewere ali kupsa m'minda.

Mnyamata amene ankatigwirira za makina anali atapita ku Tete mwezi umodzi m'mbuyomo, atapeza ntchito ya malipiro, ndipo palibe amene akanamuletsa. Ndinamuimbira foni. Anaseka kaye, kenako anati, “Achimwene, kodi simunapange Exportar? Zimenezotu aliyense amadziwa.” Aliyense, koma ine ayi, ngakhale kuti pa wailesipo ndinali nditakhalapo zaka zambiri kuposa iye. Anandifotokozera kuti chimene ndinanyamula mu fulashi sichinali mawu. Kanali kafayilo kakang'ono kongolozera kumene tizidutswa ta mawuwo tili, ndipo tizidutswato tinatsala m'kompyuta inayo. Kuti mawu amveke pa makina ena, pamafunika kuwatulutsa kaye kuti akhale MP3 kapena WAV. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Zaka zonsezo ankaichita ndi iyeyo, ife titapita kukadya.

Kompyuta inalipo, pulogalamu inalipo, yaulere, yopanda wotilipiritsa ngakhale metikali imodzi. Chimene chinakwera shapa kupita ku Tete ndi nzeru ya kagwiritsidwe kake. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganizira za anthu amene amalemba malangizo a zida ngati zimenezi, ndi funso limene limatsata pambuyo pake: kodi n'chilungamo kuitana munthu kuti adzagwire ntchito imeneyi popanda malipiro?

Pulogalamu ya kompyuta imene ndikunenayi dzina lake ndi Audacity. Anaiyamba anthu awiri, Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg, pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America mu 1999, ndipo mu 2000 anaipereka kwa anthu onse. Mapulogalamu ambiri amagulitsidwa ngati chakumwa cha m'botolo. Umagula, umamwa, koma zimene asakaniza m'katimo ndi chinsinsi cha kampani. Pali ena amene ali ngati thobwa. Kaphikidwe kake kali poyera, aliyense angathe kukaona, kukatengera, kusintha pamene sakukonda, n'kuphunzitsanso mnzake. M'Chipwitikizi amati software livre kapena código aberto, m'Chingerezi open source. Munthu amene analimbikira kwambiri za ufulu umenewu ndi Richard Stallman, amene mu 1983 anayambitsa ntchito yotchedwa GNU. Iye amati munthu ayenera kukhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu, wophunzira momwe yapangidwira ndi kuisintha, woigawira ena, ndi wogawanso imene waisinthayo. Mu 1991 wophunzira wina wa ku Helsinki, Linus Torvalds, anayamba Linux, ndipo lero Linux yomweyo ili m'kati mwa foni iliyonse ya Android imene ili m'matumba mwathu ku Calómuè ndi ku Tsangano.

Koma Stallman yemweyo anadandaula kalekale kuti chosowa chachikulu pa mapulogalamu a ufuluwa ndi mabuku abwino a malangizo, amene nawonso munthu angathe kuwakopera ndi kuwasintha mwaufulu. Vutoli silinathe. Mu 2017 kampani ya GitHub, imene imasunga mapulogalamu ambirimbiri a mtundu umenewu, inafunsa anthu oposa 5,000 za mavuto amene amakumana nawo. Anthu 93 mwa 100 alionse anati amapeza malangizo osakwanira kapena achikale. Komabe mwa amene amathandiza pa ntchitoyi, 60 mwa 100 alionse anavomera kuti iwo eni salemba malangizo, kapena amalemba mwa apo ndi apo. Onse akuona kuti denga likudontha, koma wokwera kukafolera ndi wosowa.

Sindikhulupirira kuti ndi ulesi. Tayesani kufunsa njira kwa munthu wobadwira m'mudzi momwemo. Adzakuuzani kuti, “Mukafika pa mkuyu mukhote, kenako mungolunjika kwa a Nankhoma achikulire.” Mkuyuwo unagwa kale nthawi ya nkhondo, agogowo anamwalira, koma m'mutu mwake zonse zidakalipo. Sakukunamizani. Wangoiwala kuti kusadziwa kumamveka bwanji. Munthu amene anapanga pulogalamu ali chimodzimodzi, ndipo mnyamata wathu uja ponena kuti aliyense amadziwa ankanena zoona za m'mutu mwake. Palinso za ulemu. Womanga nyumba amatamandidwa, wosesa pabwalo sakumbukidwa. Wopanga chinthu chatsopano mu pulogalamu dzina lake limamveka, pamene wolemba kuti “dinani apa, kenako apo” amaoneka ngati wagwira ntchito ya ana. Ndipo ntchito ya anayo siitha, chifukwa pulogalamu ikasintha, tsamba limene unalemba chaka chatha limasanduka bodza.

Pali chifukwa china chimene sitikonda kuchinena. Kukhala wodziwa wekha kumakoma. Akakusowa amakufunafuna, ukafika amakupatsa mpando. Tonse tikudziwa za asing'anga amene anapita kumanda ndi mitengo yawo yonse chifukwa sanafune kuonetsa ngakhale mdzukulu. Mnyamata wathu sindikumunena zimenezi, chifukwa palibe anam'pempha kuti alembe. Ndikudzinena ndekha. Ndili ndi kope la manambala a mafumu, alangizi, anamwino ndi akuluakulu a mipingo limene ndasonkhanitsa kwa zaka zambiri, ndipo mpaka posachedwapa ndinkagona nalo kumutu.

Chifukwa cha zonsezi, magulu amene amasamala mapulogalamu otere amakhalira kuitana anthu ongodzipereka. Gulu la LibreOffice, pulogalamu yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama, lili ndi anthu ake olemba mabuku a malangizo, ndipo anzathu a ku Brazil amawamasulira m'Chipwitikizi. Buku la Audacity nalonso analemba ndi anthu odzipereka. Kaitanidwe kake kamafanana kulikonse: simufunika kudziwa kupanga mapulogalamu, bwerani mudzalembe, mudzakonze, mudzamasulire, koma ndalama palibe. Ine nditaona kuti buku la Audacity lili m'Chingerezi, ndipo achinyamata amene amabwera ku wailesi kwathu ambiri amaganiza m'Chinyanja, ndinati nanenso ndiitane. Loweruka lina ndinalengeza pa wailesi kuti tikufuna anthu odziwa kulemba, adzatithandize kupanga kabuku ka malangizo m'chilankhulo chathu. Ndinatsegula foni kuti omvera anenepo.

Woyamba anafunsa kuti tilipira zingati. Ndinati palibe malipiro, ndi ntchito yothandizana. Wachiwiri anali mkulu wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene mawu ake ndimawazindikira chifukwa amaimba kawirikawiri. Anati, “Mwana wanga, ndamva. Koma thangata nayenso anabwera ndi mawu omwewo, akuti tithandizane. Ndiye tandiuzani, yanuyi ikusiyana pati?” Ndinaseka monga timachitira ife a pa wailesi tikasowa chonena, n'kuika nyimbo. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Achinyamata ena mwina sadziwa kulemera kwa mawu amene mkuluyo anasankha. Mawu akuti thangata ndi athu omwe, ndipo poyamba analibe choipa, chifukwa kuthangata ndi kuthandiza. Ku Nyasaland, azungu a minda ikuluikulu ya kumapiri a Shire anawatenga mawuwo n'kuwapatsa ntchito ina. Munthu wokhala pa malo a mzungu ankayenera kumulimira m'malo mwa lendi, ndipo wowerenga masiku anali mwini munda yemweyo. Ambiri mwa amene anazunzika nazo anali Alomwe ochokera kuno ku Mozambique. Mu Januwale 1915, a John Chilembwe ataukira, anthu awo analunjika ku Magomero, ku minda ya A. L. Bruce, kumene nkhanza za thangata zinali zodziwika. Mbali yathu ino tinali ndi chibalo, chimene chinatenga amuna kukakumba misewu ndi kulima minda ya eni ake, ndipo agogo athu ena adakali ndi moyo amene anachiona ndi maso. Ndiye munthu wa kuno akamva kuti “gwira ntchito ulere, ndi zothandiza tonse,” ali ndi chifukwa chotchera khutu kawiri.

Zoona, palibe amene amamenyedwa kuti alembe buku la kompyuta. Kufanizira zinthu ziwirizi ngati n'zolingana kungakhale kunyoza amene anafera m'chibalo. Koma funso la mkuluyo silinali la chikwapu. Ankafunsa chimene chimasiyanitsa ntchito yaulere yabwino ndi yoipa, ndipo yankho silingakhale ndalama, chifukwa tili ndi ntchito ina yopanda ndalama imene palibe amaida. Ndikunena dima. Munda ukakula kuposa manja a mwini wake, amafulula mowa kapena kuphika thobwa, n'kuitana anzake. Amabwera ndi makasu awoawo, amalima akuimba, dzuwa likapendeka amakhala pansi n'kumwa. Palibe amalandira khobidi. Palibenso amabwerera kwawo akumva kuti wadyeredwa.

Ndakhala ndikuika dima ndi thangata pambali pa mnzake kuti ndione pamene akusiyana. Kusiyana koyamba n'koonekeratu: ku dima ungathe kukana, ndipo mawa mudzapatsanabe moni. Pamenepa ntchito yolemba malangizo ilibe mlandu, bola woitana asamakolezere manyazi pa amene wakana. Kusiyana kumene kwandigwira kwambiri ndi kwa zokolola. Wa thangata ankalima munda umene sadzadyako, ndipo akathamangitsidwa ankachoka chimanjamanja. Wa dima amadziwa kuti chimanga chimene akupalira chidzakhala m'mudzi momwemo, kuti pa maliro chidzaphikidwa, ndi kuti sabata yamawa makasu omwewa adzalowa m'munda mwake. Choncho funso loyenera kufunsa woitana aliyense ndi lakuti, zimene ndilembezi zidzakhala za yani?

Pa mapulogalamu a ufulu, yankho linalembedwa m'chilolezo chimene chimayenda ndi pulogalamuyo, ndipo layesedwapo. Mu 2010 kampani ya Oracle itagula Sun Microsystems, imene inkasunga OpenOffice, anthu ambiri amene ankathandiza pa pulogalamuyo sanakhulupirire mwini watsopanoyo. Anatenga ntchito yonse, popeza chilolezo chinkawalola, n'kukayamba LibreOffice pansi pa bungwe lawolawo, The Document Foundation. Audacity yathu yomweyi inalowa m'manja mwa kampani ya Muse Group mu 2021. Kampaniyo itanena zoti pulogalamuyo izitumiza zina zokhudza kagwiritsidwe kake, anthu anakwiya, kampani inabweza zina mwa zimene inkafuna, ndipo ena anatenga kaphikidwe konse n'kukayamba yawo yotchedwa Tenacity. Taganizirani munthu wa thangata amene akanatha kunyamula munda wonse pamutu, ndi mbewu zake zomwe, n'kukauyala kutsidya kwa mtsinje, mwini malo n'kutsalabe ndi wake. Munda wa dothi sutheka kutero. Wa zolembedwa umatheka, chifukwa ukakopera tsamba, loyambalo silichepa. Apa ndi pamene ndinayamba kupeza choyankha mkulu uja.

Koma ndisakunamizeni kuti nkhani yathera pomwepa. Munda umene aliyense angakolole, wobwera ndi lole amakolola zambiri kuposa wobwera ndi dengu. Mu Epulo 2014 kunapezeka bowo lalikulu mu pulogalamu yotchedwa OpenSSL, imene inkateteza zinsinsi za anthu pa mbali yaikulu ya intaneti. Bowolo analitcha Heartbleed. Anthu atafufuza kuti amasamala pulogalamuyi ndani, anapeza kagulu kakang'ono, wogwira ntchitoyo tsiku lonse ali mmodzi, zopereka zimene ankalandira pa chaka zili pafupifupi madola 2,000. Makampani a mabiliyoni ankatsamira pa msana wa anthu ochepawo. Atachita mantha ndi pamene anasonkha ndalama. Mu 2019 kampani ya Google inayambitsa ndondomeko yotchedwa Season of Docs, yolipira anthu olemba malangizo a mapulogalamu a ufulu. Ine ndimaona kuti kumeneko kunali kuvomera kuti kulemba malangizo ndi ntchito ngati ntchito ina iliyonse. Maganizo anga ndi akuti pamene pali ndalama, wolemba alipidwe. Kampani kapena bungwe limene lili ndi galimoto ndi maofesi, koma pa kulemba malangizo n'kumati tikufuna odzipereka, likubwereka dzina la dima kuti lisawononge za m'thumba. Mwini sitolo saitana dima kuti adzamugulitsire sopo.

Wailesi yathu si kampani. Ambiri amene mumawamva akulankhula ndi odzipereka, ndipo ndalama za mauthenga a maliro ndi a mbuzi zosowa zimathera ku magetsi. Pamenepa ndinadziona wopanda mlandu, mpaka nditakumbukira mbali ya dima imene ndinali nditaiiwala. Mwini dima salipira, koma amawononga. Amamera chimera masiku angapo dima lisanafike, amatema nkhuni, amapha nkhuku ngati ilipo. Amaonetsa anthu pamene munda wayambira ndi pamene wathera, kuti adziwe kuti ntchitoyi ili ndi malire. Ndipo iye mwini amagwira khasu, sakhala pamthunzi. Ine ndinangotsegula maikolofoni n'kunena kuti bwerani. Sindinaganize kuti wochokera kutali adzakwera chiyani, adzadya chiyani, pepala ndi cholembera adzagula ndani, ndi kuti kufufuza kanthu pa foni kumadya mamegabaiti amene munthu wagula ndi ndalama ya ndiwo. Kusalipidwa n'kwina, kulipira kuchokera m'thumba mwako kuti ugwirire wina ntchito n'kwinanso. Nthawi yopuma nayonso si onse ali nayo mofanana. Mnyamata wosakwatira ali ndi madzulo ake onse. Mayi amene wachokera kudimba, n'kukatunga madzi, n'kuphika, madzulo ake anatha kalekale. Ukaitana mosaganizira zimenezi, amabwera okhawo amene ali ndi mpata, ndipo kabuku kamatuluka kolankhula ndi anthu a mpata okhaokha.

Tchimo lalikulu la woitana, limene limadandaulidwa kwambiri m'magulu a mapulogalamuwa, ndi kusayang'ana ntchito imene munthu wabweretsa. Wina amakhala usiku kukonza tsamba, amatumiza, ndiye miyezi imapita popanda womuyankha kuti zili bwino kapena zalakwika. Amene wachitidwa zimenezi sabweranso, ndipo sindingamunene. Zili ngati kulima ku dima tsiku lonse, mwini munda osatulukira n'komwe. Chimodzimodzinso wolemba akafunsa funso kwa wodziwa, n'kuyankhidwa kuti zimenezo n'zosavuta. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sananene za amene anafunsa n'kusekedwa. Ameneyo amadya phula lomwelo, ndi manyazi pamwamba.

Loweruka lotsatira ndinalengezanso, koma mosiyana. Ndinati tikufuna anthu a Loweruka zinayi zokha, kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko. Ndinati tilemba zinthu zisanu basi: kujambula mawu, kudula, kukweza ndi kutsitsa mawu, kusunga, ndi kutulutsa. Ndinati makope ndi zolembera zilipo, thobwa ndi mbatata zilipo, wochokera kutali tim'bwezera ya shapa, dzina la aliyense lidzalembedwa pa tsamba loyamba, ndipo kabukuko aliyense adzaloledwa kukakopera, wailesi ina iliyonse, sukulu, mpingo, ngakhale a kutsidya ku Dedza ndi ku Ntcheu. Anabwera anthu asanu ndi awiri. Pofika Loweruka lachitatu anatsala anayi.

Chimene ndinaphunzira m'masiku amenewo n'chakuti woyenera kulemba malangizo si katswiri. Pakati pathu panali mtsikana wina wa kalasi 11 amene anali atagwira Audacity kwa milungu itatu yokha. Ndi iyeyo amene ankatiimitsa. Ine ndikalemba kuti “sankhani mbali imene mukufuna kudula,” iye ankati, “Pepani amalume, kusankha kwake ndi chiyani? Ine tsiku loyamba ndinkangodina, osadziwa kuti uyenera kugwira batani osasiya n'kukoka.” Ine ndinali nditaiwala kale kuti zimenezo zinandivutapo. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Katswiri ntchito yake ndi kukhala pafupi, kuyankha, ndi kuwerenga pomaliza kuti pasakhale bodza. Mnyamata wathu wa ku Tete anachita zimenezo pa foni, madzulo akaweruka, ndipo anachita mosanyinyirika. Tinapanganso lamulo loti tsamba lililonse lipatsidwe kwa munthu amene sanakhudzepo kompyuta, achite zimene lalemba, ife titatseka pakamwa. Kutseka pakamwako n'kumene kunali kovuta kuposa zonse. Pamene waima n'kuyang'ana kudenga, pamenepo ndi pamene tsamba lalakwa.

Tinalimbana kwambiri ndi mawu. Exportar uja tinene kuti chiyani? Wina anati kutulutsa, wina anati kutumiza, koma kutumiza kunkasokoneza chifukwa palibe kumene chinthucho chikupita. Mayi wina wa m'gulu la amayi a kumpingo, amene anabwera chifukwa amafuna kumajambula kwaya yawo, anamvetsera kufotokoza konse, kenako anati, “Ndiye kuomolatu kumeneko. Mukasunga, nsima idakali mumphika, mungathe kuthira ufa kapena madzi. Mukaomola, yalowa m'mbale, yapita kwa alendo. Inu tsiku lija munapititsa mthiko kwa alendo.” Tinaseka mpaka misozi. M'kabuku mwathu mawu a pa batani tinawasiya momwe amaonekera pa kompyuta, kuti munthu awapeze ndi maso, koma pofotokoza tinalemba kuomola. Chiyambire palibe wachinyamata amene wasokonezapo ziwirizi. Mawu amenewo sakanachokera ku Carnegie Mellon, ndipo sakanachokera kwa ine.

Pali funso limene latsala, la mbali inayo. Ndagwiritsa ntchito Audacity zaka zambiri osalipira. Kodi ndili ndi ngongole? Amene anaipanga sanandikongoze, anapereka, ndipo mphatso imene mwini wake amabwera kudzailonjerera si mphatso. Choncho palibe angaime pa wailesi n'kuuza anthu kuti muyenera kubweza. Komabe pakati pa ngongole ndi kusakhudzidwa pali malo ena amene tonse timawadziwa. Munthu amene amamwa pa chitsime chimene anakumba ena, tsiku lochotsa matope likafika palibe amam'gwira pakhosi, koma iye mwini amadziwa. Kwa Mazzoni ndi Dannenberg sindingabweze kanthu, sandidziwa ndipo sakusowa thobwa langa. Amene ndingamubwezere ndi mwana amene adzakhale pa mpando wanga ine nditachoka, kuti tsiku lina alimi asadzamvenso nyimbo m'malo mwa alangizi. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Buku la Chinyanja sadzatilembera munthu wa ku Berlin kapena wa ku São Paulo, ndipo sitingamuimbe mlandu.

Mphunzitsi wopuma uja anabwera Loweruka lomaliza, atakwera njinga yake yakapalasa. Sanabwere kudzalemba. Anati wabwera kudzaona ngati thobwa linalipodi. Atamwa anapempha kope, n'kutulutsa cholembera chofiira m'thumba la malaya. Anatidzudzula kuti tikulemba ch paliponse ngati a ku Malawi, pamene kalembedwe kamene anagwirizana akatswiri a zilankhulo ku Maputo, kuyambira pa msonkhano wa mu 1988 wa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, kamafuna c, monga Cinyanja ndi cifukwa. Ine, monga mukuonera, dzanja langa linazolowera ch wa m'Baibulo la kutchalitchi kwathu. Tinakangana mpaka thobwa linatha, ndipo tinagwirizana kuti kabukuko katsate kalembedwe ka kusukulu, popeza owerenga ake ambiri ndi ana a sukulu. Anakonza masamba onse 22. Nditamufunsa kuti, “Nanga bambo, funso lanu lija layankhidwa?” anati, “Theka. Theka linalo ndidzaliona tsiku limene wailesi yanu idzapeze ndalama. Ndidzaona ngati mudzakumbuke mayina ali patsamba loyambawa, kapena mudzaitana mlendo wa jekete kuti adzadye.” Dzina lake anakana kuti tililembe.

Tinakajambulitsa makope 15 ku Ulónguè. Limodzi tinalimangirira ndi chingwe ku tebulo la kompyuta, ena anapita kusukulu ya sekondale, ku kwaya ya mayi uja, ndi ku wailesi ina imene inatipempha. Kope langa la manambala nalonso tsopano limagona mu situdiyo.

Mwezi wathawu kompyuta yathu yakale inafa, ndipo pa imene tapeza anatiikira Audacity yatsopano. Kuyambira pa nambala 3, imene inatuluka mu 2021 koma kwathu yafika mochedwa, pulogalamuyi imasunga ntchito yonse mu fayilo imodzi, osatinso kafayilo ndi tizidutswa take padera. Kuomola kudakalipo, koma tsamba 14 ndi tsamba 15 tsopano zikunena zinthu zimene kulibe, ndipo mabatani ena asamuka. Mtsikana uja ali pa mayeso, mayi a kwaya ali kokolola. Ndiyenera kuitananso. Mapira ndagula kale, ndawaviika dzulo, ndipo ndikudikira kuti amere ndisanatsegule maikolofoni.